Mapu olankhula a Nkhotakota: mmene ana a sukulu angapangire chithunzi chotulutsa mawu ndi kiyibodi yakufa

Pasukulu iliyonse imene inalandirako makompyuta simulephera kupeza katoni ya zinthu zakufa pakona ya ofesi: makiyibodi othothoka mabatani, machaja oduka mutu, mawaya opiringizana ngati ukonde wa msodzi waulesi. Ana a kalabu yathu ya zojambula anatola kiyibodi imodzi m'katoni yotereyi, ndipo teremu isanathe anali atapanga mapu a boma la Nkhotakota aakulu ngati chitseko. Ukadina pa Chia umamva asodzi akuyimba pokoka khoka. Ukadina pa Bua, bambo wina akufotokoza mmene mpasa umakwerera mtsinje kukaswana. Pa mtengo wa mkuyu wa pa Boma pamatuluka mawu a agogo ake a mwana wina, akusimba za Jumbe ndi David Livingstone monga iwo anazimvera kwa makolo awo.

Ndalemba njira yonse pano kuti aphunzitsi anzanga, kaya muli ku Benga, ku Dwangwa kapena ku Salima, muyese ndi ana anu osadikira kuti wina abwere ndi bokosi la zipangizo kuchokera kunja. Mbali ya magetsi ndi yaing'ono kuposa mmene mukuganizira. Ntchito yaikulu ili pa nkhani, pa mawu ndi pa penti.

Zofunika kusonkhanitsa

Laputopu imodzi, ngakhale yakale, bola ikuyaka. Kiyibodi ya USB imene mabatani ake anawonongeka koma ikalumikizidwa timagetsi take timaphethira. Thabwa la pulayiwudi kapena makatoni olimba omata awiriawiri. Foyilo yophikira, selotepi, guluu wa matabwa, lezala, sikuludiraiva yaing'ono, penti ndi maburashi. Foni yojambulira mawu ndi kasipika. Mawaya musagule: chingwe chimodzi chakale cha netiweki ya makompyuta mukachisenda mupezamo timawaya 8 ta mitundu yosiyana, ndipo mitunduyo idzakuthandizani kuti musasokoneze. Onjezani kope limodzi la kalabu, lolembamo chilichonse.

Lamulo limodzi ana alimve tsiku loyamba: ntchitoyi sikhudza magetsi a m'khoma. USB imatulutsa mavoti 5 okha, sangavulaze mwana. A m'khoma ndi mavoti 230 ndipo amapha. Batire yotupa ya foni kapena ya laputopu isalowe n'komwe m'kalasi.

1. Yambani ndi nkhani, waya abwere pambuyo

Ana akangomva kuti chithunzi chidzalankhula, onse amathamangira sikuludiraiva. Abwezeni. Sabata yoyamba ikhale ya choko ndi bolodi basi. Funsani kuti mlendo atatsika minibasi pa Boma lero, ndi malo ati asanu kapena asanu ndi limodzi amene mungamuonetse, ndipo pamalopo pamamveka chiyani? Funso lachiwirili ndiye lofunika. Mwana amadziwa kujambula nyanja, koma kawirikawiri sanaganizepo kuti nyanja ya mwera mu Julaye imamveka mosiyana ndi nyanja ya bata mu Okutobala.

Athu anakangana masana onse asanagwirizane pa Chia, mkuyu wa pa Boma, msika wa nsomba, mtsinje wa Bua, nkhalango ya zinyama ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Za nkhalango anafuna kuyikapo kulira kwa njovu kotenga pa intaneti. Ndinakana. Njovu pafupifupi 500 zinabweretsedwa m'nkhalangoyi kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2015, ndipo anthu amene anaona magalimoto akuluakulu aja akudutsa alipo, ena ndi makolo a ana omwewa. Mawu a mayi wolima chinangwa m'mphepete mwa mpanda akunena mmene amakhalira ndi njovuzo amaposa kutali kulira kwa njovu ya kudziko lina. Musapitirire malo asanu ndi limodzi pa ntchito yoyamba. Batani lililonse lowonjezera ndi mawaya awiri enanso oti adzaduke.

2. Kujambula mawu

Gawani ana awiriawiri, gulu lililonse malo ake. Asanapite, yeserani m'kalasi mmene angapemphere chilolezo, chifukwa mwana wa Fomu 1 atangotulutsa foni pamaso pa munthu wamkulu zinthu zimavuta. Anene chilichonse: kuti mawuwo ndi a ntchito ya kusukulu, adzamveka pagulu, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wokana kapena kupempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mtsikana wina wa kalabu yathu anagwada pambali pa mkeka n'kunena kuti, "Agogo, kusukulu tikupanga chithunzi cha dera lathu lino. Timafuna mutiuzeko za mkuyu uja, anzathu adzamve mawu anu enieni." Agogowo anayankha kuti, "Mwana wanga, bwera mawa ndikamaliza kupeta mpunga, nkhani imeneyi siyonena uli chiimire." Anapitanso mawa lake, ndipo mawu amene anabwera nawo ndi amene anthu amadina kwambiri pa mapu onse.

Pa za Gule Wamkulu, chinamwali ndi za m'mzikiti kapena m'tchalitchi, inu aphunzitsi mupite nokha kaye kwa amfumu kapena atsogoleri. Akati ayi, ndi ayi. Nyimbo za chioda za amayi kapena ng'oma za pa sukulu pomwepo zikhoza kudzaza malowo bwino lomwe.

Mdani wamkulu kunyanja ndi mphepo. Vekani foni sokosi yoyera kumunsi kumene kuli maikolofoni, wojambula apereke msana kumphepo, ndipo foni ikhale pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, kutalika kwa chikhatho chimodzi. M'mamawa nyanja isanadzuke ndi nthawi yabwino. Jambulani zambiri koma podula musiye masekondi 15 mpaka 20 pa batani lililonse. Munthu woimirira pa chionetsero sadikira mphindi ziwiri, amadina lina. Kusankha chiganizo chimodzi chokoma pa nkhani ya mphindi khumi ndi phunziro la Chichewa lenileni, ndipo ana amalimbana nalo kuposa chimangirizo cha pa mayeso.

Chenjerani ndi mtundu wa fayilo. Scratch, pulogalamu ya pa laputopu imene idzalumikize mawu ndi mabatani, imalandira mp3 ndi wav, pomwe mafoni ambiri amasunga mawu ngati m4a. Yang'anani mu zosankha za pulogalamu yojambulira ngati ingasunge mp3 kapena wav musanatumize ana kutali. Zikakanika, lizani foni pafupi ndi laputopu m'chipinda chachete, Scratch ijambule yokha. Mawu amatsikako pang'ono koma amamveka.

3. Kutsegula kiyibodi

Apa ndiye pamene ana amazindikira kuti kompyuta ilibe matsenga. Tembenuzani kiyibodi, masulani tizomangira tonse, muike m'kapu kuti tisasowe. Pansi pa mabatani mupeza mphira, ndipo pansi pa mphirayo mapepala atatu a pulasitiki oonekera. Lapamwamba ndi lapansi ali ndi mizere yotuwa ngati misewu ya pa mapu. Lapakati lili ndi mabowo okhaokha. Mukadina batani, mzere wa pamwamba umakhudza wa pansi kudzera pabowo, magetsi n'kudutsa. Mizere yonseyo imakathera pa kabolodi kakang'ono kobiriwira kamene kali pakona, komwe kuli chingwe cha USB. Kabolodi kameneka ndiye mtima wa ntchito yathu. Zina zonse ikani pambali, koma mapepala aja musataye.

M'mphepete mwa kabolodiko muli timizere takuda tondondozana ngati mano a chipeso, ndipo tili m'magulu awiri: lina la pepala lapamwamba, lina la lapansi. Chilembo chilichonse ndi ukwati wa kamzere kamodzi ka gulu loyamba ndi kamodzi ka gulu lachiwiri. Kompyuta sidziwa ngati amene wakwatitsa awiriwo ndi batani la fakitale kapena nsomba ya katoni yomata foyilo. Nzeru yomweyi ndi imene ili mu Makey Makey, kachipangizo kamene Jay Silver ndi Eric Rosenbaum anatulutsa mu 2012 ali ophunzira ku MIT Media Lab ku America. Kawoko kamamva ngakhale magetsi ochepa odutsa m'thupi la munthu kapena mu nthochi. Kathu kamafuna chitsulo chikhudze chitsulo, koma sitinakalipire kalikonse.

Lumikizani kabolodi ku laputopu, tsekani mapulogalamu onse, tsegulani pulogalamu yolembera mawu ya Notepad. Mwana mmodzi agwire kawaya kafupi kosenda mbali zonse, nsonga imodzi pa kamzere koyamba ka gulu lina, nsonga inayo aziyendetsa pang'onopang'ono pa timizere ta gulu linalo. Wina aziwerenga zimene zikutuluka pa sikirini, wachitatu azilemba m'kope: "3 ndi 11, chilembo d." Timizere tiwerengeni kuyambira mbali ya chingwe ndipo mujambule kabolodiko m'kope kuti mawa musayambire mbali ina. Maukwati ena satulutsa kanthu, ena amagoneka kompyuta tulo. Musadandaule, yatsaninso, lembani kuti pamenepo n'poletsedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi inatitengera masana awiri. Ofuna njira yachidule akhoza kulondola mzere ndi cholembera pa mapepala a pulasitiki aja, kuchokera pa batani mpaka pamathero ake.

Sankhani zilembo kapena manambala okha, ndipo ngati n'kotheka asanu ndi limodzi amene akugawana kamzere kamodzi. Mukatero waya mmodzi adzazungulira mabatani onse, ndipo mawaya onse adzakhala 7 m'malo mwa 12.

Mawaya ayenera kuwotchereredwa ndi mtovu pa timizere timene mwasankha, koma zakuda zili pa timizereto sizigwira mtovu. Palani mofatsa ndi lezala mpaka mkuwa uwale, osakanikiza, chifukwa mukadula kamzere chilembo chapita. Ngati mulibe chowotcherera, tengani kabolodi ndi kope lanu kwa okonza mafoni kumsika. Kwa iwo ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo mutengeko ana awiri akaone. Akamaliza, thirani guluu wolimba pamwamba pa malumikizowo, mangani mawaya onse mfundo imodzi, n'kutsekera kabolodi m'kontena yopanda kanthu ya majarini yoboola m'mbali. Mwana akakoka waya, ikoke mfundo, osati mtovu.

4. Thabwa, penti ndi mabatani

Pakani thabwa penti yoyera ya m'nyumba, liume tsiku lathunthu. Jambulani ndi pensulo: nyanja kum'mawa, msewu wa M5 ukuchokera ku Salima kulowera ku Nkhata Bay, wa M18 ukukhotera ku Kasungu kudutsa m'nkhalango, Chia kumwera kwa Boma, Bua ndi Dwangwa kumpoto. Asavutike ndi miyezo ya pa mapu a m'buku. Mkuyu ukhoza kukula kuposa tawuni yonse ngati ndi mmene anawo akuuonera.

Penti ya buluu ya nyanja mudzagula. Mitundu ina ili pabwalo: katondo wosefa wosakaniza ndi guluu wa matabwa amapereka kufiira kokongola, makala osinja kuda, laimu kuyera. Athu anamata mchenga weniweni m'mphepete mwa nyanja, mankhusu a mpunga m'madambo, masamba ouma a nzimbe ku Dwangwa, ndi kachidutswa ka ukonde wakale pa Chia. Poyamba ndinkaona ngati n'zokongoletsa chabe. Tsiku la chionetsero kunabwera mnyamata wosaona bwino, anayendetsa zala kuchokera pa mchenga mpaka pa ukonde, n'kupeza batani yekha popanda womugwira dzanja. Kuyambira pamenepo ndimauza ana kuti mapu awa ajambulidwe ndi maso komanso ndi zala.

Batani lililonse limatsanzira mapepala atatu aja a m'kiyibodi, koma ndi lalikulu ngati chikhatho. Dulani makatoni awiri ofanana, matani foyilo mbali imodzi ya iliyonse. Sendani waya kutalika kwa chala, mupinde mkuwawo mokhotakhota, muugoneke pa foyilo m'mphepete n'kumata selotepi mwamphamvu. Pakati pa makatoni awiriwo ikani siponji yopyapyala kapena katoni ina yoboola bowo lalikulu pakati, mafoyilo ayang'anizane osakhudzana. Mukadina pakati akhudzane, mukasiya atalikirane. Bowo likachepa, pafunika mphamvu za mtondo kuti lilire. Likakula kwambiri, limalira lokha usiku. Yesani batani lililonse pa Notepad musanalimate pa thabwa. Mapepala onyezimira a tchipisi ndi mabisiketi amanyenga: amawala ngati foyilo koma akutidwa pulasitiki, magetsi sadutsa. Chitini cha zakumwa chimagwira mukachikwecha ndi sandipepa mpaka utoto ndi vanishi zichoke.

Pamwamba pa batani matani chinthu cha malowo: chambo chodula pa katoni, njovu ya nsalu, bwato la bango. Chikhale chopepuka. Njovu yathu yoyamba inali ya dongo, yokongola zedi, koma kulemera kwake kunkadina batani kosalekeza, mayi wa chinangwa uja n'kumangolankhula osapuma. Boolani thabwa pansi pa batani, mawaya adutsire kumbuyo, ndipo kumbuyoko waya aliyense amatidwe kapepala kolemba malo ndi chilembo chake.

Kuno kunyanja chinyezi n'choopsa. Mapu athu oyamba anali a katoni imodzi, tinawasiya atatsamira khoma mu Febuluwale, ndipo patatha sabata ziwiri anali atafewa ngati chigumu, foyilo itamatuka. Ana analira, inenso zinandipweteka. Gwiritsani pulayiwudi ngati mungathe, pakani vanishi mbali zonse, ndipo thabwa lisakhudze simenti.

5. Kulumikiza mawu mu Scratch

Scratch ndi pulogalamu yaulere yopangidwanso ku MIT Media Lab, inatuluka mu 2007, ndipo m'malo molemba malamulo a kompyuta mwana amalumikiza timabuloko ngati njerwa. Tsitsani yogwira popanda intaneti kamodzi kokha pamene pali netiweki yabwino, muisunge pa fulashi, anzanu a sukulu zoyandikana adzakopereko.

Pa tsamba la Sounds lowetsani mafayilo anu onse, lililonse ndi dzina lomveka: chia, bua, mkuyu. Pomwepo mungathe kudula poyambira ndi pothera, ndi kukweza mawu otsika. Kenako pa tsamba la Code, batani lililonse lifuna timabuloko titatu tokha. Koyamba ndi when key pressed, musankhe chilembo cha m'kope lanu. Pansi pake stop all sounds, kuti agogo asalankhulire pamodzi ndi asodzi. Komaliza play sound until done, musankhe fayilo yake. Musatenge start sound m'malo mwake: mwana akagwira batani osasiya, mawu amangoyambiranso ngati wachibwibwi. Bwerezani zomwezo pa malo onse asanu ndi limodzi.

Ofuna kupitirira akhoza kujambula chithunzi cha malowo ndi foni, kuchilowetsa ngati backdrop (chithunzi chakumbuyo pa sikirini), n'kuwonjezera switch backdrop to kuti sikirini izisintha pamodzi ndi mawu. Koma ine ndimakonda kubisa laputopu kuseri kwa thabwa, anthu ayang'ane ntchito ya manja a ana. Mukabisa, ikani Scratch pa sikirini yonse, dinani kamodzi pakati pake kuti zilembo zizipita kumeneko, ndipo sinthani zosankha za laputopu kuti isagone yokha.

Onetsetsani kuti amene anapenta agwirekonso Scratch, ndipo amene anagwira mawaya agwirekonso burashi. Mukangowasiya, anyamata awiri amalanda laputopu, atsikana n'kutsala akutsuka maburashi. Ine ndimasinthanitsa magulu sabata iliyonse, ndipo amene anapeza vuto la njovu ya dongo anali mtsikana amene poyamba ankaopa ngakhale kugwira chingwe cha USB.

6. Ayeseni anthu osadziwa kanthu za ntchitoyi

Itanani ana asanu a ku pulayimale ndi munthu wamkulu mmodzi, kaya mlonda kaya mayi wogulitsa mandasi pageti. A kalabu aime patali, atseke pakamwa, azingolemba. Ana aang'ono amamenya batani ndi chibakera. Likapirira iwo, lapirira. Akuluakulu amakhudza mwaulemu ndi nsonga ya chala, ndipo likapanda kulira amachoka poganiza kuti alakwitsa. Batani labwino liyankhe onse awiri. Muonanso kuti anthu amadina zinthu zimene si mabatani. Athu ankadina chilumba chimene mwana wina anangojambula pofuna kudzaza malo. Mukhoza kuzunguliza mabatani enieni ndi mzere wachikasu, kapena kupezera chilumbacho mawu ake.

Batani likafa, musayambe ndi kompyuta. Tsegulani Notepad, khudzitsani mawaya ake awiri kumbuyo kwa thabwa. Chilembo chikatuluka, vuto lili pa foyilo. Chikapanda kutuluka, londolani waya mpaka m'kontena ya majarini. Kawirikawiri ndi selotepi imene yamatuka ndi kutentha.

Popanda laputopu

Ngati laputopu ndi yobwereka, pali kachipangizo kotchedwa DFPlayer Mini, kakang'ono ngati sitampa, kamene kamaliza mafayilo a mp3 kuchokera pa memore khadi molunjika ku kasipika. Mukakaphatikiza ndi Arduino, bolodi limene linayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005 kuti lithandize ophunzira a zaluso ndi zopangapanga, mabatani anu omwewo a foyilo amagwira, ndipo zonse zimayenda ndi pawabanki. Pamafunika kulemba malamulo ochepa ndi kutcha mafayilo manambala monga 0001 ndi 0002. Dziwani kuti mapawabanki ambiri amazima okha chinthu chikamakoka magetsi ochepa, choncho yesani yanu ola lathunthu. Imeneyi ikhale ntchito ya chaka chachiwiri, ana atazolowera.

Tsiku la chionetsero

Tchajani laputopu ndi sipika usiku wake, musadalire kuti magetsi adzakhalapo. Ikani mapu pamthunzi, kutali ndi zokuzira mawu za mwambo, kutalika koti mwana wa Sitandade 1 afikire batani lapamwamba. Ana awiri aime pambali ndi selotepi, foyilo yotsala ndi kope. Itanani onse amene anapereka mawu awo, ndipo akhale oyamba kudina. Agogo aja anabwera atavala chitenje chatsopano, mdzukulu wawo anawagwira dzanja n'kuliika pa mkuyu. Atamva mawu awo anabweza dzanja msanga, kenako anaseka, n'kudinanso kachiwiri kuti anzawo a m'mudzi amene anali kumbuyo amve.

Mukamaliza, chotsani kontena ya majarini ku laputopu, kulungani thabwa ndi pepala la pulasitiki, mulipachike pa misomali iwiri kutali ndi zenera. Mafayilo a mawu ndi a Scratch akopereni pa fulashi ndi pa foni ya mphunzitsi wina, ndipo kope la maukwati a timizere lisungidwe mu ofesi, chifukwa kiyibodi ina ikadzatsegulidwa manambala ake adzakhala ena.